Pikiapu Zakale ndi Zamakono: Kusiyana Kwake ndi Ntchito Yake ku Chitungwiza

Pikiapu ndi galimoto yaing'ono yonyamula katundu, yomwe ili ndi chipinda cha dalaivala kutsogolo ndi bokosi losatseka pamwamba kumbuyo. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe ambiri amaitchula kuti bakkie, dzina lochokera ku chinenero cha Afrikaans, ndipo ku Malawi pikiapu yonyamula anthu molipiritsa m'misewu ya kumidzi imadziwika ndi dzina loti matola. Pa zaka 50 zapitazi galimoto imeneyi yasintha kwambiri msinkhu, injini, chitetezo ndi mtengo, kotero kuti anthu ofuna kugula amagawanika pawiri. Ena amati pikiapu yakale ndiyo yolimba ndiponso yosavuta kukonza, pamene ena amati tsobola wakale sawawa, ndipo ndalama ziyenera kupita ku galimoto yamakono. Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya pikiapu m'chigawo chino, kusiyana kwa zakale ndi zatsopano, galimoto zoyenda m'tchire zimene anthu amazisirira, komanso zimene wogula ayenera kuziganizira, potengera moyo wa ku Unit C, m'tauni ya Chitungwiza.

Unit C ndi ntchito ya pikiapu

Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pakati pa 25 ndi 30 kumwera kwa mzinda wa Harare. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni atatu a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 350,000. Dera la Seke linagawidwa m'zigawo zotchedwa ndi zilembo, kuyambira Unit A mpaka Unit P, ndipo Unit C ndi chimodzi mwa zigawo zimenezo. Ena mwa anthu a m'tauniyi ndi ana ndi zidzukulu za machona ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, omwe anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale pa nthawi ya atsamunda. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amazindikira Chichewa ngati chimodzi mwa zinenero 16 za dzikolo.

M'dera ngati limeneli pikiapu si ya ulemu chabe, koma ndi khasu la banja. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imakhala youma kwa masiku ambiri, choncho madzi a pa mjigo amanyamulidwa m'migolo ndi m'mathanki. Omanga nyumba amafuna mchenga, njerwa ndi simenti. Ogulitsa malonda amatenga tomato ndi ndiwo zamasamba ku midzi ya Seke kapena ku Mbare Musika kupita nazo ku misika ya Chikwanha ndi Makoni. Pa maliro, pikiapu ndiyo imanyamula nkhuni, miphika ndi anamalira. Misewu nayonso ili ndi mavuto ake: mu February 2021 boma la Zimbabwe linalengeza kuti misewu ya m'dzikolo yawonongeka kufika pa mlingo wa ngozi yogwa mwadzidzidzi, ndipo m'malokeshoni maenje amachuluka mvula ikangoyamba.

Palinso ulendo wa kumudzi. Banja lochokera ku Chitungwiza lopita ku Blantyre limadutsa ku Mutoko, pa chipata cha Nyamapanda, ku Changara, ku Tete pamene limawoloka Zambezi, kenaka ku Zobue ndi ku Mwanza, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Msewu waukulu ndi wa phula, koma makilomita omaliza okafikira pakhomo pa agogo kawirikawiri amakhala a fumbi, a mchenga kapena a matope. Galimoto yoyenera iyenera kupirira zonsezi.

Chiyambi cha pikiapu

Kampani ya Ford inayamba kugulitsa pikiapu yopangidwa kale ku fakitale mu 1925, pomanga bokosi kumbuyo kwa galimoto yake ya Model T. Mu 1934 nthambi ya kampaniyi ku Australia inatulutsa galimoto ya alimi yomwe kutsogolo inali ngati galimoto ya banja, kumbuyo ili ndi bokosi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabweretsa Jeep ya ku America, yomwe inkakoka ndi magudumu onse anayi, ndipo luso limenelo linatengedwa ndi Land Rover ya ku Britain mu 1948, komanso Toyota ndi Nissan a ku Japan mu 1951.

Kummwera kwa Africa, pikiapu zoyamba kutchuka pakati pa anthu wamba zinali Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Ford Cortina ya bokosi, Isuzu KB, Mazda ya mndandanda wa B ndi Toyota Hilux. Peugeot 404 inatuluka mu 1960 ndipo 504 mu 1968. Mbiri yake inali ya masipuling'i ofewa koma opirira misewu ya fumbi, ndipo 504 inapitiriza kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000. Kapikiapu ka Datsun 1200, komwe pambuyo pake kanatchedwa Nissan 1400, kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008 popanda kusintha kwenikweni maonekedwe ake. Toyota Hilux inayamba mu 1968, ndipo yokoka ndi magudumu anayi inatuluka mu 1979.

Fakitale za Willowvale ndi Mutare

Pikiapu zambiri zakale zimene zikuyendabe ku Chitungwiza zinalumikizidwa m'dziko momwemo. Kampani ya Ford inatsegula fakitale ku Willowvale, mu mzinda wa Salisbury womwe tsopano ndi Harare, mu 1961. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wodzipatsa lokha mu 1965, maiko anaika ziletso za malonda, Ford inasiya ntchito, ndipo mu 1967 fakitaleyo inapita m'manja mwa bungwe la boma la Industrial Development Corporation. Kwa zaka zambiri inkalumikiza galimoto za makampani osiyanasiyana. Mu 1989 kampani ya Mazda ya ku Japan inalowa nawo, ndipo dzina linakhala Willowvale Mazda Motor Industries. Kuyambira pamenepo pikiapu za B1600, B1800, B2200 ndi B2500, pamodzi ndi galimoto zazing'ono za Mazda 323, zinadzaza misewu ya Zimbabwe. Maofesi a boma, makampani ndi alimi ankazigula zatsopano, ndipo zikakalamba zinkagulitsidwa kwa anthu a m'malokeshoni.

Ku Mutare, fakitale yomwe inayambitsidwa ndi British Motor Corporation mu 1960 inadzakhala Quest Motor Corporation, ndipo pa nthawi zosiyanasiyana inalumikiza Land Rover, Peugeot ndi galimoto za ku Japan, kenaka za ku China.

Kugwa kwa chuma m'zaka za m'ma 2000, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kuchuluka kwa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zinafoola fakitale zonsezi. Willowvale inaimitsa kulumikiza galimoto za Mazda cha m'ma 2012, ndipo mu 2017 inayambanso ntchito ndi pikiapu ya Grand Tiger ya kampani ya BAIC ya ku China. Masiku ano pikiapu zatsopano zambiri za m'chigawo chino zimachokera ku South Africa: Hilux imapangidwa ku Durban, Ford Ranger ndi Volkswagen Amarok ku Silverton mu mzinda wa Pretoria, ndipo Isuzu D-Max, yomwe mpaka 2018 inkatchedwa KB, imapangidwa ku Gqeberha, mzinda womwe kale unali Port Elizabeth.

Msinkhu, chesesi ndi bokosi

Chinthu chimodzi sichinasinthe. Pikiapu zonyamula tani imodzi, zakale ndi zamakono zomwe, zimamangidwa pa chesesi ya zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero, ndipo zambiri zikadali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kumbuyo. Chipinda ndi bokosi zimangomangiriridwa pamwamba pake. N'chifukwa chake pikiapu imapirira katundu ndi misewu yokumbika kuposa galimoto wamba, yomwe thupi lake ndilo limakhalanso chesesi.

Chomwe chinasintha ndi msinkhu ndi cholinga. Hilux yoyamba inali yotalika mamita 4.2, inali ndi injini ya malita 1.5 ndi mpando umodzi wautali, ndipo inkaloledwa kunyamula tani imodzi. Hilux ya zitseko zinayi yomwe inatuluka mu 2015 ndi yotalika mamita 5.3, ndipo imalemera pafupifupi matani 2 ili yopanda kanthu. Ngakhale inakula chotero, katundu amene imaloledwa kunyamula sanawonjezeke. Pa pikiapu zambiri za zitseko zinayi amakhala pakati pa makilogalamu 800 ndi 1,000, ndipo m'chiwerengero chimenecho mumalowanso anthu okwera. Bokosi nalo linafupika: la pikiapu ya zitseko ziwiri limatalika mamita pafupifupi 2.3, pamene la zitseko zinayi limatalika mamita pafupifupi 1.5.

Kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo kwa wamalonda wa ku Unit C. Thanki ya madzi ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani yathunthu, osawerengera thankiyo. Pa pikiapu ya zitseko ziwiri kulemerako kumakhala pamwamba pa magudumu a kumbuyo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Pa ya zitseko zinayi gawo lalikulu la bokosi lili kumbuyo kwa magudumuwo, motero katundu wolemera amapepula mutu wa galimoto, chiwongolero chimachepa mphamvu, ndipo chesesi ikhoza kupindika pakati pa chipinda ndi bokosi. Matumba 20 a simenti a makilogalamu 50 amakwana kale tani. Bokosi la pikiapu yamakono ndi lalitalinso kuchokera pansi, zomwe zimavutitsa okweza ndi otsitsa katundu pamanja.

Kutsogolo, pikiapu zakale zokoka ndi magudumu anayi, monga Hilux zopangidwa mpaka cha m'ma 1997, zinali ndi chitsulo chimodzi cholumikiza magudumu onse awiri. Chitsulo chotere chimagwedeza okwera koma chimapirira miyala ndi maenje, ndipo chili ndi zolumikizira zochepa zoti n'kutha. Zamakono zili ndi gudumu lililonse loyenda palokha. Zimakhota bwino ndipo sizitopetsa pa ulendo wautali, koma zili ndi mabushi ndi mfundo zambiri zimene maenje amaziwononga msanga.

Injini ndi mafuta

Pa injini ndi pamene pali mpata waukulu. Injini yakale ya dizilo inkadalira pampu yoyendetsedwa ndi injiniyo, yopanda kompyuta. Makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuimvetsera, kuimasula ndi masipanala wamba ndi kuibwezeretsa tsiku lomwelo. Inkalolera dizilo wosayera kwenikweni, ndipo batire ikafooka anthu ankangoikankha. Kuipa kwake kunali kuchepa mphamvu, phokoso ndi utsi wakuda. Injini ya Toyota ya malita 2.8 yotchedwa 3L, ya zaka za m'ma 1990, inkatulutsa makilowati pafupifupi 65.

Injini ya malita 2.8 ya Hilux yamakono, yotchedwa GD-6, inafika pa makilowati 150 mu 2020, kuposa kuwirikiza kawiri mphamvu ya yakale ija. Zimenezi zimatheka chifukwa cha turbo, yomwe imakankhira mpweya wambiri mu injini, ndiponso chifukwa cha njira ya common rail, momwe dizilo amasungidwa mu paipi imodzi atapanikizidwa kufika pa ma bar 2,000 kapena kuposerapo, ndipo kompyuta imalamula nthawi ndi mlingo wopoperera mu silinda iliyonse. Pampu zakale sizinkafika ngakhale theka la mphamvu imeneyo. Zotsatira zake ndi galimoto yothamanga, yokoka ngolo yolemera mpaka matani 3.5, ya phokoso lochepa ndi utsi wochepa.

Mtengo wa ubwino umenewu ndi kusalolera. Timabowo ta majekita amakono ndi tating'ono kwambiri, kotero kuti madzi pang'ono kapena fumbi mu dizilo zikhoza kuwononga pampu ndi majekita onse pamodzi, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zoti munthu n'kugulira galimoto yaing'ono yakale. Dizilo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene amachuluka mafuta akasowa, ndi woopsa kwa injini yotere. Sulufule wambiri nayenso amaiwononga. N'chifukwa chake Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique anasamukira ku dizilo wa sulufule wochepa, wodziwika ndi nambala ya 50, kuyambira cha mu 2017. Pikiapu zoitanitsidwa ku Britain ndi ku maiko ena a ku Ulaya zimabweranso ndi sefa ya mwaye mu paipi ya utsi, yomwe imafuna ulendo wautali kuti itenthe ndi kudziyeretsa. Galimoto yongoyenda maulendo aafupi pakati pa Unit C ndi Makoni ikhoza kutseka sefayo, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Vuto lotere silidziwika ndi khutu. Limafuna makina owerengera kompyuta ya galimotoyo.

Pikiapu zakale za petulo zili ndi vuto lina. Kuyambira 2013 malamulo a Zimbabwe amakakamiza kusakaniza petulo ndi mafuta a nzimbe otchedwa ethanol, ndipo mlingo wake umafika mpaka magawo 20 pa 100 alionse. Malawi anayamba kusakaniza mu 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Mapaipi akale a labala ndi zina za mu kabuleta zimauma kapena kung'ambika msanga ndi mafuta otere, choncho mwini galimoto ayenera kuziyang'ana kawirikawiri.

Chitetezo pa ngozi

Anthu ambiri amayesa kulimba kwa galimoto pogogoda chitsulo chake. Koma pa ngozi, galimoto imene sipindika kutsogolo imapereka mphamvu yonse ya kugundako kwa okwera. Pikiapu yamakono inapangidwa kuti mphuno yake izipindika ndi kumeza mphamvuyo, pamene chipinda cha anthu chikhale chosaphwanyika. Ili ndi malamba a pa mpando uliwonse, matumba a mpweya, mabuleki osamanga magudumu, komanso kompyuta yobweza galimoto ikayamba kuterereka. Ford Ranger ya 2011 inali pikiapu yoyamba kupeza nyenyezi 5 pa mayeso a bungwe la Euro NCAP.

Kukhala yatsopano m'sitolo sikutanthauza kukhala yamakono m'kapangidwe. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, mogwirizana ndi Automobile Association ya ku South Africa, linagunditsa Nissan NP300 Hardbody yatsopano pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Pikiapuyo, yomwe kapangidwe kake kanali ka zaka za m'ma 1990, sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu, ngakhale inali ndi matumba awiri a mpweya, chifukwa chipinda chake chinaphwanyika. Mu 2020 bungwelo linagunditsa ina yotere ndi Nissan Navara ya ku Ulaya yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ya ku Ulayayo inateteza dalaivala wake bwino kwambiri. Kupangidwa kwa Hardbody kunatha mu 2021.

Pali chinthu china chimene luso lamakono silinachithetse. Munthu wokhala m'bokosi alibe lamba, alibe denga, alibe chomuteteza, kaya pikiapuyo ndi ya 1985 kapena ya chaka chino. Galimoto ikagubuduzika kapena kuima mwadzidzidzi, iye amaponyedwa pamsewu. Ngozi za matola ndi za pikiapu zopita ku maliro zimapha anthu ambiri nthawi imodzi pa chifukwa chimenechi.

Galimoto za m'tchire zimene anthu amazisirira

Land Rover ndiyo inatsegula njira. Inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu April 1948, ndipo thupi lake linali la aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri. Mabwanamkubwa, apolisi, amishoni ndi achipatala a ku Nyasaland ndi Rhodesia ankayendera imeneyi. Dzina la Defender linabwera mu 1990, ndipo yomaliza ya mtundu wakalewo inatuluka ku Solihull mu January 2016. Defender yatsopano, yomwe inaonetsedwa mu 2019, imapangidwa ku Slovakia, ilibe chesesi ya makwerero ndipo imadalira kwambiri makompyuta. Osilira yakale ija ndi amene kampani ya Ineos inawaganizira potulutsa Grenadier mu 2022.

Toyota Land Cruiser ndiyo inalanda malo a Land Rover mu Africa. Inayamba mu 1951, inalandira dzina lake mu 1954, ndipo pofika 2019 inali itagulitsidwa yoposa 10 miliyoni. Mndandanda wa 70, womwe unatuluka mu 1984, ukupangidwabe. Pikiapu yake, yodziwika ndi nambala ya 79 kuyambira 1999, ikadali ndi chitsulo chimodzi cholumikiza magudumu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Injini yake yotchuka ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, inayamba mu 1990, ilibe turbo ndipo imatulutsa makilowati 96 okha, koma imadziwika ndi moyo wautali. Ndiyo galimoto ya maambulansi a kumidzi, migodi, mabungwe othandiza anthu ndi oyang'anira nkhalango monga Mana Pools, Gonarezhou, South Luangwa ndi Nyika. Namondwe wa Idai atawononga Chimanimani mu March 2019, ndiponso wa Freddy atakokolola midzi ya kummwera kwa Malawi mu March 2023, galimoto zokoka ndi magudumu anayi zinali zofunika kwambiri pofikira madera amene misewu yake inaonongeka. Mu 2023 Toyota inaikanso injini ya malita 2.8 ndi giya yosintha yokha mu mndandanda wa 70.

Hilux nayo ili ndi mbiri yake. Nkhondo ya Chad ndi Libya ya 1987 inatchedwa nkhondo ya Toyota chifukwa asilikali a Chad anagonjetsa akasinja pogwiritsa ntchito pikiapu. Pa mpikisano wa Dakar, Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar anapambana mu 2019, 2022 ndi 2023 akuyendetsa Hilux ya mpikisano yomangidwa ku South Africa, ngakhale galimoto imeneyo imasiyana kwambiri ndi yogulitsidwa m'sitolo. Zina zosiririka ndi Nissan Patrol, Mitsubishi Pajero yomwe inapangidwa kuyambira 1982 mpaka 2021, Toyota Prado, Mercedes-Benz G ya 1979, ndi kagalimoto ka Suzuki Jimny ka 1970, komwe kupepuka kwake kumakathandiza kudutsa pamene zolemera zimatitimira.

Msika ukusinthabe. Mahindra ya ku India inayamba kulumikiza pikiapu ku Durban mu 2018, ndipo makampani a ku China monga GWM ndi JAC akupikisana pa mtengo. BYD Shark, yophatikiza petulo ndi magetsi, inatuluka mu 2024, ndipo mu November 2025 Toyota inaonetsa Hilux ya m'badwo wa 9 ku Thailand, kuphatikizapo yoyendera magetsi okha. Kumene magetsi amathimathima, galimoto zotere zimadalira kuti mwini wake akhale ndi potchajira podalirika.

Chimene chimathandiza galimoto m'matope

Kukoka ndi magudumu anayi si zonse. Choyamba ndi matayala: ochindikala m'mbali, a mano akuluakulu, amapirira miyala ndipo amatha kuchepetsedwa mpweya pa mchenga. Malimu aakulu onyezimira okhala ndi matayala opyapyala amakongola m'tauni koma amaphulika pa dzenje. Chachiwiri ndi kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi. Chachitatu ndi giya yotsika, yomwe imachepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu pokwera mapiri monga msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia. Chachinayi ndi chomangira difu, chomwe chimakakamiza magudumu awiri kuzungulira limodzi pamene limodzi laterera kapena lili m'malere.

Pa galimoto yakale dalaivala ankatsika kukapotokola zomangira za pa magudumu a kutsogolo, kenaka n'kukoka ndodo yachiwiri ya giya. Pa yamakono amangotembenuza kabatani, ndipo kamota ka magetsi kamagwira ntchitoyo. Njira yatsopanoyi ndi yosavuta, koma kamotako kakalowa madzi kapena kakakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito kamakana. Pikiapu zambiri siziyenera kuyendetsedwa ndi magudumu anayi pa phula louma, chifukwa magiya amamangika ndi kuthyoka. Madzi osefukira nawo sayenera kuderedwa: opanga amalola masentimita 70 pa Hilux ndi 80 pa Ranger, koma miyeso imeneyi ndi ya madzi odikha, ndipo mtsinje wothamanga umakokolola galimoto ngakhale madzi asanafike pamenepo.

Malamulo ndi kagulidwe

Mu 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo oitanitsa galimoto zimene zapitirira zaka 10 chipangidwire. Zimenezi zikutanthauza kuti pikiapu yakale yosavuta kukonza iyenera kufunidwa kwambiri m'dziko momwemo, ndipo zabwino zikucheperachepera. Bungwe lotolera msonkho la ZIMRA limalipiritsanso msonkho wokwera pa pikiapu ya zitseko zinayi kuposa ya zitseko ziwiri.

Wogula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito akumbukire kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ayang'ane chesesi ngati ili ndi dzimbiri, ming'alu kapena malo owotcherera, makamaka pansi pa bokosi. Alize injini ili yozizira ndi kuona mtundu wa utsi. Ayese magudumu anayi ndi giya yotsika pa msewu wa fumbi. Ngati ndi yamakono, apite nayo kwa makaniko wokhala ndi makina owerengera kompyuta, ndipo afunse buku losonyeza nthawi zimene oilo ndi masefa zinasinthidwa. Nambala ya chesesi ndi ya injini zifanane ndi za m'buku la galimoto, ndipo zitsimikizidwe kwa apolisi ndi ku Central Vehicle Registry, pakuti pikiapu zotchuka zimabedwa kwambiri ku South Africa ndi kuwolotsedwa mozemba pa Limpopo. Wopita ku Malawi adziwe kuti inshulansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia, koma ku Mozambique amafunika kugula ina pa chipata.

Funso la masipeyala ndi lalikulu kuposa la dzina. Zipangizo za Hilux, Isuzu, Mazda ndi Nissan zakale zimapezeka m'masitolo ndi kwa ophwasula galimoto ku Harare, ku Tete, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ngakhale zachinyengo nazo zachuluka. Za galimoto zosowa zimadikiridwa milungu ingapo, ndipo pikiapu yaganyu ikaima, chakudya cha banja chimaimanso.

Kwa munthu wonyamula madzi, mchenga ndi ndiwo m'misewu ya Seke pa liwiro lochepa, pikiapu ya zitseko ziwiri ya injini yosavuta, yosamalidwa bwino, imabweza ndalama zake msanga. Kwa banja loyenda maulendo aatali pa msewu wa Nyamapanda, pamene malole ndi ambiri ndipo liwiro ndi lalikulu, chitetezo cha pikiapu yamakono chimaposa ubwino wonse wa yakale, bola mwini wake athe kugula dizilo woyera ndi kulipira makaniko wodziwa ntchito. Yokoka ndi magudumu anayi imadya mafuta ambiri, ndi yodula kugula ndi kukonza, ndipo imayenera munthu amene njira yake imadutsa m'matope chaka ndi chaka.